Hitch Sakhala ku Chilenje

Pa pulogalamu yathu ya pa Chisanu usiku, mameseji ambiri amachokera kwa anyamata, ndipo amafanana monga kuti walemba munthu mmodzi. Mnyamata akuti ali na manyazi, pali mtsikana amene amamukonda, koma akamuona mawu amamuthera. Sabata yatha wina wa ku Matero anafunsa ngati mu Lusaka muno muli munthu amene amagwira nchito ngati ya Hitch, kuti amulipire. Mu situdiyo tinaseka. Popita kunyumba m'basi ya ku Chilenje, kuseka kunanithera.

Kwa amene simunaionepo, Hitch ni filimu ya mu 2005. Will Smith ni katswiri wa ku New York amene amuna amanyazi amamulipira kuti awaphunzitse kufunsira. Kasitomala wake wamkulu ni Albert, munthu wonenepa wowerengera ndalama mu ofesi, amene wagwa m'chikondi na Allegra, mkazi wolemera komanso wotchuka. Mafilimu a mtundu uwu ni ambiri. Mu Crazy, Stupid, Love ya mu 2011, Ryan Gosling amatenga Steve Carell n'kumukonza kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Amwenye nawonso ali na yawo, Rab Ne Bana Di Jodi ya mu 2008, mmene Shah Rukh Khan ni kalaliki wofatsa wa pa kampani ya magetsi ku Amritsar. Onse amaseketsa, ndipo ine Hitch naionerera kangapo. Koma nikamba mosabisa: zimene anyamata athu akutolamo zikuwapweteka, ndipo gawo lalikulu la bilu akulipira ni atsikana.

Yambani mwaona mankhwala amene mafilimu awa amapatsa munthu wamanyazi. Ryan Gosling sayamba na kumuphunzitsa kukamba. Amapita naye ku mall ya ku Los Angeles, amamuvula nsapato n'kuzitaya, kenako amagula masuti na majini atsopano pa khadi ya ku banki ya mwiniwakeyo. Albert nayenso ali pa nchito ya malipiro abwino. Palibe filimu imene munthu wamanyazi amayamba waganiza za transipoti. Manje bweretsani phunzirolo kuno, kumene a JCTR anaonetsa kuti mu 2024 zofunika za banja la anthu asanu mu Lusaka zinapitirira K10,000 pa mwezi, pamene malipiro otsikitsitsa a wanchito wa panyumba anaikidwa pa K1,300. Mnyamata wa ku Kanyama akamva kuti chikondi chimayambira pa nsapato zatsopano na thebulo ya ku East Park kapena Manda Hill, amamva kuti iye alibe chilolezo chokonda munthu mpaka atalemera. Ena amangosiya. Ena amapita ku kaloba.

Mfana wanga, mwana wa amalume, anapita ku kaloba. Amakonza mafoni pa kantemba pafupi na msika, munthu wamanja abwino koma wosatha kuyang'ana mtsikana m'maso. Anakongola ndalama n'kusiya laputopu yake ya nchito ngati chikole, anagula nsapato za mu shopu chifukwa za salaula akuti n'zochititsa manyazi, anabuka taxi kupita na kubwera. Mtsikanayo anapita, anadya, anathokoza, ndipo madzulo omwewo anamuuza mwaulemu kuti samuona mwanjira imeneyo. Pakutha kwa mwezi laputopu inapita.

Ndalama zimabwerera, zimenezo sizinanikwiyitse kwambiri. Chinanikwiyitsa ni chimene chinatsatira. Mfana uja, munthu amene sangaphe na nyerere, anayamba kutumira mtsikanayo foni m'mawa, masana na usiku. Atamubuloka, anagula simu ina. Kenako anayamba kumuyembekezera pa siteshoni ya basi. Nitamufunsa, ananiyankha na nkhope yoona mtima kuti mkazi amafuna kuona kuti mwamuna watsimikiza. Mu mutu mwake anali pa mphindi 80 za filimu, pamene mwamuna amathamangira galimoto ya mkazi ndipo nyimbo imayamba kulira. Mtsikanayo anali atayamba kutsikira siteshoni ina n'kuyenda pansi kuti asakumane naye.

Apa m'pamene pali bodza lalikulu la mafilimu awa. Kamera imakhala pa mwamuna nthawi yonse. Timaona thukuta lake, mantha ake, kuyeseza kwake pa galasi, ndipo timamumvera chifundo. Mkazi ni mphoto imene ikuyembekezera kumapeto. Akakana, filimu imatiuza kuti sanamvetse bwino, ayesedwenso. Ndipo kunama kumaloledwa malinga ngati wonamayo ni munthu wabwino mtima. Kumayambiriro kwa Hitch, katswiriyo amanyengerera kagalu ka mkazi wina kuti kathawe, kuti kasitomala wake aoneke ngati wakapulumutsa pamsewu. Shah Rukh Khan amameta ndevu za pamlomo, amasintha zovala na dzina, n'kuyamba kufunsira mkazi wake yemwe monga munthu wina. Timaombera m'manja. Nifunseni alongo anu ngati angasangalale kudziwa kuti tsiku limene munakumana, zonse zinali sewero lokonzedwa na munthu wolipidwa.

Nidziwa zimene ena akambe, chifukwa amakamba pa wailesi. Akuti ni filimu chabe. Akutinso kukakamira sikunabwere na Hollywood, chifukwa ngakhale ambuya athu amati mtsikana wamakhalidwe savomera tsiku loyamba. N'zoona, ndipo sinikana. Koma kumudzi kwa ambuya, mnyamata sanali kufunsira mumdima. Panali azakhali, panali ankhoswe, panali mudzi wonse wodziwa kuti mwana wa uje akuyendera nyumba ya uje. Mtsikana akakana zenizeni, panali wamkulu womuuza mnyamata kuti basi, zatha. Ife tatenga kukakamira kwa kumudzi, tataya akuluakulu amene anali kukuikira malire, taonjezapo foni na WhatsApp. Mtsikana wa ku Chawama amene akukhala yekha pa renti alibe azakhali pafupi. Ali na batani la buloko chabe. Ndipo lamulo la Anti-Gender-Based Violence la mu 2011 limaika kulondola munthu na kumuvutitsa m'gulu la nkhanza, olo wochitayo akhale wamanyazi bwanji. Ku Victim Support Unit safunsa kuti munaonera filimu iti.

Chimene chimaniseketsa n'chakuti Hitch yeniyeniyo imadzitsutsa. Kumapeto, Allegra amaulula kuti zimene zinamukopa mwa Albert ni zija katswiri anamuletsa: kavinidwe kake koipa, kudzithira chakudya pa malaya, kusokonezeka kwake. Maphunziro onse aja sanagwire nchito. Koma mbali imeneyi imatenga mphindi zochepa, ndipo si imene imadulidwa n'kuikidwa pa TikTok. Imene imazungulira ni ya malamulo, ya kaimidwe, ya mawu oyambira. Pamwamba pake pabwera amuna a pa YouTube ogulitsa nzeru zakuti mkazi usamuonetse kuti umamukonda, umuchedwere kuyankha, umutsitseko pang'ono. Mnyamata amene vuto lake linali lakuti lilime limauma, amatha chaka ali na vuto lina lalikulu: wayamba kuona atsikana ngati adani ofunika kuwagonjetsa.

Manyazi si matenda. Theka la amuna amene nimawalemekeza mu komboni muno ni anthu a mawu ochepa, ndipo ali na mabanja. Anakumana na akazi awo ku kwaya, ku kalasi ya usiku, pa maliro pophika nsima ya anthu ambiri, pa mzere wa madzi. Malo amene munthu amakuona miyezi ingapo ukugwira nchito usanatsegule pakamwa. Chimene mzinda wathu ukusowa si katswiri wa chikondi. Tikusowa malo okhalapo anthu awiri n'kucheza popanda kugula kanthu. Kunyumba m'chipinda chimodzi muli abale anayi ndipo alandilodi ali pakhomo. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti anali kupita maola ambiri moti ukafika madzulo komboni yonse ili bii, ndipo palibe mayi amene akanalola mwana wake wamkazi kutuluka. Chatsala ni bala kapena mall. Pamenepo filimu ya ku New York ingamuuze chiyani munthu?

Opanga mafilimu athu nawonso nili nawo mawu. Zambezi Magic yatipatsa Zuba, mtsikana wa kumudzi wolowa m'nyumba ya olemera, na Mpali, a Nguzu na akazi awo ambiri. Date My Family Zambia yokha ndiyo inayandikirako, chifukwa mnyamata amayamba wakhala pa mpando kudya na achibale a mtsikana, thukuta lili kamukamu, asanamuone n'komwe mwiniwakeyo. Koma filimu ya mnyamata wamanyazi wa mu komboni sininaione, ndipo niopa kuti ikabwera idzakhala Hitch wovala chitenge.

Imene nifuna ine iyambire m'basi yochoka ku Chilenje kupita mu tauni. Mnyamata wakhala akuona mtsikana uyu m'basi imodzimodzi kwa miyezi itatu. Lero walimba mtima, mawu akutuluka mopotoka, kondakitala akumudula pakati kuti apereke ndalama. Mtsikana akumvetsera mpaka kumapeto, n'kumuuza kuti ayi. Mnyamata akuti chabwino, muyende bwino, akutsika pa Kabwata olo kuti anali kupita ku City Market, ndipo sapempha nambala kwa mnzake wa mtsikanayo. Filimu ili pa mphindi 20. Nifuna kuona zimene achite mu mphindi 70 zotsalazo, na K30 imene ili m'thumba mwake.