Amene akuti tinataya amayi abwere adzagone nawo usiku umodzi

Mwezi wathawu tinali kumanda a ku Unit L, kuno ku Chitungwiza, kuperekeza mnzawo wa malemu bambo anga. Tikubwerera, mkulu wina wa m'sosaiti yathu ya maliro anandikokera pambali. "A Phiri," anatero, "zikumveka zija n'zoona? Akuti mayi anu munakawataya kunyumba yosungirako okalamba. Ife anthu akuda sitichita zimenezo." Ndinangoti, "Ndamva, bambo," poti pamaliro sipokanganirana. Koma yankho ndinali nalo, ndipo ndi lino. Mawu akuti kutayawa akuzunza mabanja ambiri muno, ndipo ozunzika kwambiri ndi okalamba omwewo amene timati tikuwalemekeza.

Amayi anga anabadwira ku Dedza, kufupi ndi mtsinje wa Linthipe. Anabwera kuno nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinatha mu 1963, kutsatira bambo omwe ankagwira ntchito pa famu ya fodya. Akhala m'dziko lino zaka zoposa 60. Chishona ankachiyankhula mpaka ogula tomato pa Makoni sankadziwa kuti ndi obwera. Zaka zinayi zapitazo anayamba kuiwala poto pamoto. Kenako anayamba kubisa ndalama n'kumati mpongozi wawo waba. Kenako Chishona chinayamba kuthothoka, mpaka kunatsala Chichewa chokha, cha ku Dedza, chomwe ana anga sachimva bwino. Dzuwa likamapendeka ankamanga kamtolo ka zovala n'kumati akupita kwawo, amayi awo akuwadikira kudimba. Amayi awowo anamwalira ine ndisanabadwe.

Dokotala anatiuza kuti ndi matenda a dementia, ena amati matenda oiwalaiwala. Ndi matenda a muubongo, ndipo si aliyense wokalamba amene amawadwala. Bungwe la zaumoyo la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lapansi ali nawo, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi opeza pang'ono ngati athuwa. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, wotchedwa dzina la dokotala wa ku Germany amene anaufotokoza mu 1906. Ena amayamba chifukwa cha timitsempha ta muubongo towonongeka ndi BP kapena sitiroko. Mankhwala ochiziratu palibe. Zaposachedwa ndiye zimayamba kufufutika, zakale zimatsalira, n'chifukwa chake munthu wotere amatha kubwerera ku chiyankhulo chomwe anayamwa.

Usiku wina wa m'nyengo yozizira amayi anatsegula chitseko tonse tili m'tulo. Anthu anawapeza mbandakucha chakufupi ndi manda, atangomanga kansalu m'chiuno, opanda nsapato. Gogo wosavala, pafupi ndi manda, akuyankhula chiyankhulo chachilendo: inu mukudziwa chimene khamu linaganiza. Mawu akuti muroyi, ndiko kuti mfiti m'Chishona, anali atayamba kale kumveka. Wina anali atatola mwala, ena akujambula ndi mafoni. Anawapulumutsa ndi mayi wina wogulitsa masamba amene anawazindikira n'kuwafunditsa nsalu yake. Lamulo la dziko lino limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti popanda umboni, koma khamu la mbandakucha silikumbukira lamulo. Ndipo tisanamizire Mashona okha. Kwathu ku Malawi, mu January 2016, anthu ku Neno anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi yomwe inapha mtsikana wina.

Tsono tibwerere ku mawu a mkulu uja, akuti ife sitichita zimenezo. Ife ndani? Ndikuvomereza, inenso ndinkanena mawu omwewa, ndipo ndinkawanena ndi chifuwa. Koma m'mawa ndinkakwera kombi kupita kuntchito ku Harare n'kubwera usiku. Amene ankasambitsa amayi, kuwasintha matewera, kuchapa zofunda tsiku ndi tsiku m'tauni yomwe madzi a m'mipope amatuluka mwa apo ndi apo, anali mkazi wanga. Ndiye ankaima pamzere wa pamjigo. Ndiye ankatukwanidwa kuti wakuba ndi apongozi ake omwe ankawadyetsa. Anasiya geni yake. Zaka zitatu sanagonepo tulo tolongosoka, mpaka naye BP inakwera. Azibale anga a ku Johannesburg ndi ku Leicester ankatumiza ndalama, zikomo, komanso malangizo ambirimbiri pa WhatsApp. Mwa onse amene amati mwambo wathu sulola, ndisonyezeni mwamuna mmodzi amene anagwirapo beseni. Mwambo timaunena ndife amuna, koma amausenza ndi mkazi mmodzi yekha.

Mwambo umenewo ndimaudziwa ndipo ndimaukonda. Amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Anzathu a kuno amati chirere chigokurerawo, lera mwana kuti adzakulere nawe. Koma mwambowu unali ndi mudzi wake. Kumudzi kwa amayi, gogo akasokonezeka mutu ankazunguliridwa ndi mbumba yonse: ana aakazi, azing'ono ake, zidzukulu, nyumba moyandikana. Akasochera, aliyense wokumana naye panjira ankadziwa kuti ndi gogo wa pakhomo pa uje, n'kumubweza. Ntchito yomwe inkagawidwa pakati pa anthu khumi lero taiunjika pa munthu mmodzi, m'nyumba ya zipinda zinayi momwe chipinda china muli a lendi, pamsewu wodutsa makombi.

Mnzanga wa Chishona zikamuvuta amatha kutengera kholo lake kumusha, kumudzi kwawo, komwe kuli munda ndi abale. Ife tipita nalo kuti? Makolo athu anabwera kudzakumba migodi, kulima fodya ndi kuphikira azungu. Malo kumidzi ya kuno sanapatsidwe. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, ambiri anataya ntchito ndi nyumba tsiku limodzi. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira konkuno opanda dziko, chitupa chawo chikuwatchula kuti alendo. Mu 2005 Murambatsvina anagwetsa tinyumba takuseri komwe nkhalamba zambiri zinkagona; lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Ndalama itagwa mu 2008, penshoni za zaka makumi zinasanduka mapepala. Ku Dedza nako, amene ankawadziwa amayi onse anatsikira kuli chete. Mkulu amene akuti tikanawabwezera kumudzi andiuze mudzi wake.

Ndikudziwa kumene manyaziwa amachokera. Pitani ku Bumhudzo, nyumba ya okalamba yomwe a Salvation Army amayendetsa konkuno ku Chitungwiza, kapena ku SODA ku Highfield, kapena ku Entembeni ku Bulawayo. Kuyambira kale, ambiri okhala m'nyumba zoterezi ndi anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, matchona amene anakalamba opanda mwana kapena mbale wowalandira. Ndiye m'mitu mwathu munakhazikika kuti kumeneko n'kwa anthu opanda mwini. Timaopa kuti anthu atiyesa matchona nafenso. Mantha amenewo ndi a mbiri yathu, ubwino wa wodwalayo mulibemo.

Taonani zimene manthawa amabala. Ndikudziwa makomo muno momwe gogo amatsekeredwa m'chipinda ndi loko kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chidebe pakona, chifukwa onse apita kukasaka ndalama. Ndikudziwa komwe anamangiriridwa kumwendo wa bedi ndi nsalu. Ndikudziwa komwe anamutengera kwa mneneri kukamutulutsa ziwanda mpaka anavomera ufiti, poti munthu wa matendawa amavomera chilichonse chimene mwamuuza. Mabanja amenewa palibe amawakokera pambali kumanda. Iwo sanataye kholo, akuti, chifukwa likugona pansi pa denga lawo. Ine ndikuti gogo wotsekeredwa yekha tsiku lonse ndi wotayidwa, ngakhale loko wake anagula ndi mwana wake womubereka.

Sindikunena kuti aliyense athamangire kunyumba zosungirako okalamba. Alipo ana amene amakasiya kholo pageti n'kusintha nambala ya foni, ndipo amenewo dzina lakuti otaya likuwayenera. Kusamutsa munthu wa dementia kumamusokoneza. Amayi analira masabata awiri. Banja limene lili ndi manja okwanira lisunge wodwala wake pakhomo, ndipo lithandizidwe. Musanaganize za kulikonse, yambani mwapita kuchipatala, chifukwa matenda a m'chikhodzodzo, a chithokomiro, kuchepa kwa vitamini B12 ngakhalenso HIV zimatha kusokoneza mutu, ndipo zimenezi zili ndi mankhwala. Bungwe la ZARDA, loona za matenda a Alzheimer muno m'Zimbabwe, limaperekanso uphungu kwa mabanja. Koma manja akatha, kusankha malo ndi ntchito ya chikondi, ndipo iyenera kuchitika masana, anthu akuona, popanda kubisala.

Ife tinayendera nyumba zinayi. Malo okonzedwera odwala dementia okha ndi ochepa, ndipo omwe tinawapeza ali kumayadi a ku Harare, amalipiritsa madola a ku America omwe munthu wa ku Unit L sangawakwanitse. Imodzi inali yoyera ngati hotela, maluwa pakhomo, koma titafika mosayembekezeka 4 koloko madzulo tinapeza okalamba onse ali ndondondo pamipando, mitu ili pendekete, atawodzera ndi mankhwala. Bata lotero lizikuchititsani mantha. Pitani nthawi ya madzulo, pamene odwalawa amavutika kwambiri, mukaone chimene osamalira amachita ndi gogo amene akulimbana ndi chitseko. Funsani kuti usiku kumagona antchito angati. Funsani ngati amamanga odwala. Funsani kumene amatunga madzi mipope ikauma. Nunkhizani zofunda. Onani ngati pali bwalo lotchingidwa loti munthu n'kuyendayenda osasochera. Malo amene amakuikirani maola ochepa oonera kholo lanu, kapena amene amadana ndi kubwera mwadzidzidzi, ali ndi chobisa.

Koma funso lomwe ndinaliika patsogolo ndi ili: pano alipo amene amamva Chichewa? Kunyumba ina anatiuza kuti amayi akangokhala adzazolowera Chishona. Munthu amene ubongo wake ukutaya mawu tsiku lililonse adzazolowera bwanji? Akati "ndikumva ludzu", kapena "m'mimba mukupota", wina ayenera kumva. Popanda zimenezo amalembedwa kuti ndi wovuta, ndipo wovuta amapatsidwa mapiritsi ogonetsa. Tinasankha nyumba ina ya mpingo, ya makoma osapaka penti, chifukwa wophika wake ndi mdzukulu wa munthu wa ku Ntcheu. Tsiku loyamba anagwada n'kuti, "Mwaswera bwanji, a Nabanda?" Amayi, amene dzina la pachitupa saliyankhanso, anatembenuka n'kuyankha. Malemu Robert Mugabe anatinyozapo kuti ndife anthu opanda mfunda. Mfunda tili nawo, ndipo mwa amayi ndiwo watsala zina zonse zitapita.

Boma nalo lisabisale kumbuyo kwa mwambo. Gawo 82 la malamulo oyendetsera dziko a 2013 limati munthu wopitirira zaka 70 ali ndi ufulu wosamalidwa ndi banja lake komanso boma, wolandira chithandizo cha kuchipatala, ndi wothandizidwa ndi ndalama. Lamulo la okalamba la 2012 liliponso. Komabe nyumba zambiri zosungirako okalamba osauka zimadalira mipingo ndi anthu akufuna kwabwino. Nthawi zonse tikamati ife timasamala tokha makolo athu, timapatsa boma chifukwa chosachitira kanthu.

Mawu anga otsiriza apite kwa ife tomwe. Palibe mtundu muno wodziwa kuika maliro kuposa ife. Masosaiti athu a maliro akhala zaka zambirimbiri, ali ndi mabuku, asungichuma, mayunifolomu ndi chindapusa kwa wojomba. Munthu akangotsirizika, bokosi, basi, ufa ndi nkhuni zimapezeka tsiku lomwelo. Amayi a Chigwirizano a mu Sinodi ya Harare ya CCAP amachezera kuimba usiku wonse, anzathu a kumzikiti nawo sachedwa, a gule nawo amabwera. Nanga zaka zinayi zimene munthuyo akufa pang'onopang'ono, onsewa amakhala kuti? Sosaiti imene imatolera ndalama ya bokosi mwezi uliwonse ingathe kupatulapo yolipira wosamalira wodwala masiku awiri pa sabata, kuti mpongozi apume. Ingathe kulemba ndandanda wa anthu okacheza ndi agogo a ku Bumhudzo m'chiyankhulo chawo Loweruka lililonse. Ingathe kuphunzitsa achinyamata kuti akapeza gogo wosochera amufunditse nsalu n'kufunsa kwawo, foni ikhale m'thumba. Ndikapereka maganizo amenewa pamsonkhano wathu wa mwezi uno, ndipo ndikufuna alembedwe m'buku.

Amayi timakawaona Lachitatu ndi Lamulungu. Mkazi wanga amawaphikira nsima ndi chisoso, amadya ndi manja, ndipo tsopano amamuseka mpongozi wawo m'malo momutukwana. Ine sandidziwa, amandiyesa mchimwene wawo amene anapita ku Joni osabwerako, ndipo ndimavomera. Madzulo amamangabe kamtolo kawo. Wophika uja amayenda nawo kuzungulira bwalo kawiri, n'kuwauza kuti kwada, ulendo wa ku Linthipe ukhale wa mawa.

Bambo a kusosaiti, Lamulungu likubwerali ndidzakudutsirani 2 koloko. Chichewa chanu n'chabwino kuposa changa, ndipo nyimbo za kwawo mumazidziwa. Tiyeni mukawaone a Nabanda akadali moyo.