Nyumba ya milandu isamaopseze mboni

Kodi munakhalapo pa bwalo la mfumu tsiku la mlandu? Anthu amakhala pa mthunzi wa kacere. Wodandaula ali apa, woimbidwa mlandu ali apo, ndipo aliyense amamva mau a mnzace.

M'caka ca 2021, Pulezidenti Filipe Nyusi anayambitsa nchito yakuti distrito iliyonse ikhale ndi nyumba yabwino ya khoti. Nchitoyo njabwino. Koma nyumba isanamangidwe, pali mmisiri amene amayamba waijambula pa pepala. Pa Cipwitikizi amamucha arquitecto. Ine ndikuti mmisiri ameneyu asagwire pensulo asanakhale tsiku lathunthu pa bwalo la kumudzi.

Taganizani za mai wa ku Macanga amene walawira m'mbandakuca, mwana kumbuyo, kuti akafike ku Furancungo. Akadikira pati? Ngati palibe khonde lalikulu, akadikira padzuwa. Ngati mpando wodikirira ndi umodzi, akakhala phewa ndi phewa ndi munthu amene anammenya. Pofika pamaso pa woweruza, mau amuthera kukhosi.

Nanga makutu? Malamulo analembedwa m'Cipwitikizi, ndipo agogo anu amadalira womasulira. Womasulirayo aime pamene onse angamumve. Denga la malata likakhala lopanda kanthu kunsi kwace, mvula ikangoyamba, mlandu wonse umasanduka phokoso.

Ku Tsangano kuno kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi. Pulani yojambulira mzinda wotentha wa Tete singatiyenere ife a kumapiri. José Forjaz, amene anabadwira ku Coimbra mu 1936 namwalira mu 2024, anatsogolera zaka zambiri sukulu ya amisiri otere pa Yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo. Iye ankalimbikira zakuti nyumba izigwirizana ndi nyengo ya malo ace ndi moyo wa anthu oigwiritsa nchito.

Ena amati khoti lizioneka loopsa, la masitepe ambiri ndi zitseko zolemera, kuti akuba aziopa. Sindivomereza. Wakuba amalowamo atagwidwa kale, afune asafune. Amene amabwerera pa cipata ndi mboni, ndi nkhalamba ya ndodo imene singakwere masitepe, ndi mtsikana amene anabwera yekha kudzadandaula.