Chinjoka cha pepala ndi madigiri athu odikira kuuzidwa

Tchuthi chapitachi ndinatha masiku 19 pakhonde la agogo anga, kumudzi kwathu chakufupi ndi msewu wochoka pa Mponela kupita ku Ntchisi, ndikulimbana ndi pepala limodzi. Linali pepala labulauni lija timakutira makope, ndipo ndinkafuna kulipinda kuti lisanduke chinjoka chamapiko, popanda sizasi, popanda guluu. Mnzanga amene tinalembera limodzi mayeso a Fomu 4, yemwe pano digiri yake ili m'sutikesi, anandipeza nditawerama. Anayang'ana pepalalo, n'kundiyang'ana ine, kenako anati, "Aise, sukulu yonse ija mathero ake ndi zidole?"

Tinaseka tonse, koma funso lake silinandichoke. Ndikumuyankha pano, ndipo ndikuyankhanso inu nonse amene mukanafunsa zomwezo. Yankho langa ndi lakuti chidole chimenecho chinandifunsa zinthu zimene mayeso onse amene ndalemba chiyambire sitandade 1 sanandifunsepo, ndipo ndinapezeka kuti ndine mbuli.

Luso lopinda pepalali limatchedwa origami, ndipo linakulira ku Japan. Pali njira ziwiri zophunzirira kupinda chinthu chimene wina anachipanga kale. Yoyamba ndi yotsatira zithunzi zokhala ndi mivi: pinda apa, tembenuza, pindanso apo, mpaka kumapeto. Zizindikiro za njira imeneyi anazikhazikitsa ndi Akira Yoshizawa, katswiri amene anamwalira mu 2005. Njira yachiwiri ndi imene akatswiri amaitcha crease pattern. Tangoganizani kuti munthu wapinda chinjoka chake, kenako n'kuchimasula chonse mpaka pepala litabwerera mwakale. Chotsala ndi mizere yokhayokha, mazanamazana, yopingasana ngati mapu. Amakupatsani mapu amenewo basi. Palibe pamene alemba kuti yambirani pano. Palibe muvi, palibe nambala. Mizere ina iyenera kutukukira m'mwamba, ndipo amaitcha mapiri. Ina iyenera kulowa pansi, ndipo amaitcha zigwa. Kudziwa kuti mutu uli kuti, mapiko atulukira pati, ndiponso mbali iti iyambe kugwa, ndi ntchito ya mutu wanu.

Chinjoka chodziwika kwambiri pa luso limeneli ndi Ryujin 3.5, chimene Satoshi Kamiya wa ku Japan anamaliza mu 2005. Chili ndi mamba thupi lonse, miyendo inayi ya zikhadabo, nyanga ndi ndevu, zonsezo kuchokera pa pepala limodzi losadula. Musanayambe n'komwe kuchiumba, mumagawa pepalalo timabokosi 96 mbali iyi, 96 mbali inayo, kutanthauza timabokosi 9,216, mzere uliwonse wopindidwa ndi chala. Changa sichinali chimenecho, ndisaname. Changa chinali cha timabokosi 32 mbali iliyonse, chimene akatswiri angachione ngati cha ana a mkaka. Komabe ndinawononga mapepala anayi.

Ndinawawononga chifukwa ndinkasakasaka sitepe yoyamba. Ndinakwera pachulu kufuna netiweki kuti mwina pa YouTube pali wina amene angandionetse poyambira. Ndinamaliza bandulo osapeza kanthu. Usiku womwewo ndinazindikira chinthu chochititsa manyazi: ine, wophunzira wa chaka chachitatu pa yunivesite, sindidziwa kuyamba ntchito imene wina sanandiyalire ndondomeko yake.

Sindili ndekha, ndipo mukudziwa. Tinakula ndi manotsi okopera pabolodi. Tinakhoza mayeso ndi mapepala a zaka zam'mbuyo, kuloweza kuti funso likayamba chonchi, yankho limayenda chonchi. Pa yunivesite mphunzitsi akangopereka funso limene silikufanana ndi chitsanzo cha m'kalasi, gulu la pa WhatsApp limayaka moto: "Izi sanatiphunzitse." Tikamaliza timalemba makalata ofunsira ntchito, n'kukhala pansi kudikira kuti wina atiuze sitepe yotsatira. Sukulu yatiphunzitsa kutsatira mivi. Koma mavuto amene akutidikira kunjaku alibe mivi. Mjigo umene wafa pamudzi, nthaka imene ikukokoloka m'mapiri a Dowa, mbatata zimene zikuwolera pamsika chifukwa palibe amene akudziwa kuzisunga, zonsezi zimabwera ngati mapu a mizere: zonse zili poyera, koma poyambira muyenera kupapeza nokha.

Amene anandipulumutsa pa pepala lachisanu ndi agogo anga aamuna, omwe sukulu anailekera m'makalasi oyambirira. Moyo wawo wonse akhala akuluka malichero, madengu ndi nkhokwe. Tsiku lina ataona kuti ndakhumata, anasiya nsungwi zawo n'kutenga foni imene munali mapu aja. Anaiyang'ana nthawi yaitali osalankhula. Kenako anatenga pepala langa n'kuyamba kuwerenga timabokosi ndi chikhadabo, kuchokera pakati kupita m'mbali. "Iwe mdzukulu," anatero, "mbali iyi wadumpha kamodzi. Uku zilipo zisanu, uku zilipo zinayi. Sizingakumane." Ndinati, "Agogo, mwadziwa bwanji poti simunapindepo?" Iwo anati lichero nalonso limayambira pakati, ndipo ukaphonya nsungwi imodzi poyamba, cholakwacho chimakadziulula kumkombero, pamene ntchito yatha kale.

Anali atalondola. Iwo sanafunse kuti sitepe yoyamba ndi iti. Anayang'ana chinthu chonse, n'kupeza pamene mbali ziwiri ziyenera kufanana, n'kuwerenga. Ndi mmene munthu amawerengera mapu a mizere, ndipo ine amene ndinakhoza masamu pa MSCE sindinaganizeko.

Musaganize kuti ndikukometsera nkhani ndikamati awa ndi masamu. Pali malamulo awiri amene aliyense wopinda kuchokera pa mapu amawagwiritsa ntchito. Loyamba limadziwika ndi dzina la Jun Maekawa: pa mfundo iliyonse ya m'kati mwa pepala pamene mizere yakumana, ngati pepalalo liti ligone bwinobwino, mapiri ndi zigwa zimasiyana ndi ziwiri. Mapiri akakhala atatu, chigwa chikhala chimodzi kapena zisanu. Mukapeza mapiri awiri ndi zigwa ziwiri, dziwani kuti mwalakwitsa. Lachiwiri ndi la Toshikazu Kawasaki: mukaphatikiza ngodya zozungulira mfundoyo modumphitsa imodzi, zimakwana madigiri 180. Ndipo mu 1996 Marshall Bern ndi Barry Hayes anatsimikiza kuti kudziwa ngati mapu onse angapindike n'kugona ndi limodzi mwa mafunso a gulu lija limene ngakhale kompyuta ilibe njira yachidule yodziwika yowayankhira. Ndiye mnzanga uja akamati zidole, akunena za funso limene akatswiri a kompyuta amalivulira chipewa.

Ngakhale kugawa pepala patatu popanda rula ndi phunziro. Tengani pepala la mbali zinayi zofanana, mupinde ngodya ya m'munsi kudzanja lamanja kuti ikagunde pakatikati pa mbali ya pamwamba. Mbali imene inali pansi idutsa m'mphepete mwa kumanzere pamalo amene akugawa mpheteyo magawo awiri kumtunda, limodzi kumunsi. Mphunzitsi wa ku Japan, Kazuo Haga, ndi amene anatchukitsa zimenezi, ndipo chinsinsi chake ndi Pythagoras yemwe uja tinkamuloweza. Ine ndinamuloweza zaka zinayi za sekondale, koma ndinamuona koyamba ndi maso pakhonde la agogo.

Kuti woluka ndi katswiri wa masamu si maganizo anga ndekha. Paulus Gerdes, amene anaphunzitsa masamu ku Maputo zaka zambiri mpaka imfa yake mu 2014, analemba mabuku ofotokoza masamu opezeka m'zikwama zoluka za amayi a ku Inhambane komanso m'madengu ndi mphasa za m'maiko ena a mu Africa. Anzathu a ku Mozambique anaona kuti zimenezi n'zoyenera kulowa m'maphunziro a aphunzitsi. Ife tikakumana ndi woluka pamsika wa Mponela, chimene timadziwa n'kunenerera mtengo mpaka munthu wamkulu agonje. Masiku ano chimanga ambiri akusunga m'matumba m'nyumba, beseni lapulasitiki lalanda malo a dengu, ndipo mwa adzukulu onse a agogo anga palibe ndi mmodzi yemwe amene angaluke nkhokwe. Ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo. Nzeru imeneyo ikupita kumanda ife tikujambulitsa ndi zipewa za pa mwambo wolandira madigiri.

Ndikudziwa zimene mukufuna kunena. Mukuti a ku Japan ali ndi mpata wosewera chifukwa akhuta, pamene ife tili ndi fizi yoti tilipire ndi azibale oti tiwadyetse. Mfundoyi ndi yolemera, ndipo sindikuipeputsa. Chinjoka changa sichinagule ngakhale thumba la feteleza. Koma taonani kumene masewerawa anakafika. Kapindidwe kamene Koryo Miura anatulukira kanagwiritsidwa ntchito mu 1995 pa setilaiti ya ku Japan yotchedwa Space Flyer Unit, kuti chipangizo chokolola mphamvu ya dzuwa chikwere chili chopinda n'kukatambasuka m'mlengalenga. Manu Prakash ndi anzake ku Stanford anapanga Foldscope, maikulosikopu yopinda kuchokera pa pepala, imene poyamba zipangizo zake sizinkakwana dola imodzi. Robert Lang, katswiri wa fizikisi, anasiya ntchito mu 2001 kuti azipinda mapepala, ndipo njira zake zowerengera mapindidwe zathandiza mainjiniya. Palibe mwa anthu amenewa amene akanafika kumeneko akanamvera mnzake womufunsa kuti zidolezi zikupatsa chiyani.

Ndipo nkhani yakuti osauka alibe mpata woganiza ndi manja inatsutsidwa kale pafupi pompano. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, anasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002. Chingerezi cha m'mabuku amene anabwereka ku laibulale chinkamuvuta, choncho ankadalira zithunzi. Palibe amene anamulembera masitepe opangira makina amphepo kuchokera ku njinga yakutha ndi mapaipi. Anaona chinthu chomalizidwa, n'kudzipezera yekha poyambira. Anthu ankamutcha wamisala. Lero timaonera filimu ya moyo wake n'kumaomba m'manja, koma akanakhala mnzathu wa m'kalasi, bwenzi tili patsogolo pomuseka. Mwana wa ku Madisi kapena ku Malomo amene akupanga galimoto ya mawaya yokhota ndi chiwongolero akuchita zomwezo, ndipo chimene amamva kwa ife ndi chakuti asiye zachibwana akawerenge.

Ena anena kuti vuto si lathu, ndi la makalasi odzaza ndi aphunzitsi operewera. N'zoona kuti mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza chipinda mpaka pakhomo sangayendere aliyense ndi pepala lopinda. Mwana wa sitandade 6 sindimuimba mlandu. Koma ife a pa yunivesite chowiringula chathu n'chiyani? Tili ndi laibulale, tili ndi intaneti, tili ndi tchuthi cha miyezi. Tinaika mpanda pakati pa mutu ndi manja, n'kunena kuti ntchito za manja ndi za amene mayeso anawakana, apite ku TEVETA. Ife tinatsala ndi mutu wokhawokha, ndipo mutu umene sunayesedwepo ndi chinthu chogwirika umadzinamiza mosavuta. Pa mayeso mukhoza kulemba zosamveka n'kupatsidwa theka la malikisi. Pepala silipereka theka. Mukadumpha kabokosi kamodzi, mapiko sakumana, ndipo palibe woti mukamudandaulire.

Sindikunena kuti nonse muyambe kupinda zinjoka. Ndikunena kuti aliyense wa ife, asanalandire digiri, ayenera kuchitapo ntchito imodzi yovuta imene palibe anamuyalira njira yake, n'kuilephera kangapo, n'kuimaliza. Ikhoza kukhala kumasula wailesi yakufa mpaka ilankhule, kusoka malaya pongoyang'ana ena, kapena kukhala pansi ndi woluka wa m'mudzi mwanu mpaka lichero lanu litapeta ufa osatayikira. Amene mukuphunzira zauphunzitsi, pepala la kope lakutha ndi chipangizo chophunzitsira ngodya chimene sichidikira bajeti ya boma. Ndipo nonsenu, mukapeza mnzanu atawerama pa chinthu chimene simukuchimvetsa, funsani kuti chikuyenda bwanji musanafunse kuti chimupatsa zingati. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ife tasandutsa kudekha kukhala chinthu choseketsa.

Chinjoka chija ndinachimaliza tsiku la 19. Phiko limodzi ndi lalifupi pang'ono, ndipo khosi linang'ambika pamene pepala linachindikala. Chili pawindo la agogo. Iwo anachitembenuza kawiri, n'kunena kuti chachiwiri chidzakhala bwino. Kenako anandipatsa mpeni ndi nsungwi, n'kunena kuti tchuthi chikubwerachi tiyamba ndi kusenga nsungwi, chifukwa pamenepo ndi pamene aliyense amadzicheka.