Wa mankhwala a makoswe adamujambula kale ku Bologna

Abale anga a m'misika, sabata yatha ndidatsika basi pa Mponela kuti nditafuneko kanyenya. Basi isanaime n'komwe mazenera adali atadzaza kale: mazira ophika, chimanga chootcha, nthochi. Kumbuyo kwa onsewo kudali mkulu wina akukuwa za mankhwala a makoswe. Ndidaseka ndekha, poti mkuluyu ndidamuonapo kale m'buku la zithunzi za ku Italy.

Mmisiri wina wotchedwa Annibale Carracci, yemwe adabadwa 1560 n'kumwalira 1609, ankajambula denga la nyumba ya akuluakulu a ku Roma. Koma kwawo ku Bologna adajambulanso anthu wamba oyenda ndi malonda: wogulitsa miphika, wotunga madzi, wonyamula katundu, wozula mano pamsewu, inde, ndi wa mankhwala a makoswe. Mu 1646 Simon Guillain adazilemba pa mkuwa n'kusindikiza zithunzi 80. Mu 1582 Ambrogio Brambilla adali atatulutsa kale pepala lodzaza timavenda ta mu Roma.

Musaganize kuti ankawakonda kwambiri ayi. Ogula zithunzizo adali achuma, mavendawo sadapate kanthu. Komabe lero tikudziwa mmene ankasenzera dengu, chomwe ankavala, mmene msana udapindikira.

Nanga ife? Azakhali anga adakhala zaka zambiri akutsika mapiri a ku Ntchisi mbandakucha, nkhata pamutu, dengu la zitumbuwa pamwamba, mwana kumsana. Fizi yanga idachokera m'dengu limenelo. Adamwalira opanda chithunzi ngakhale chimodzi ali pa geni yawo. Chomwe tili nacho ndi cha paukwati, atavala nduwira yobwereka.

Makamera amatikumbukira tikamathawa basi. Chiyambire 1994 mavenda adadzaza misewu, ndipo pomwe boma lidachita Operation Dongosolo mu 2006, manyuzipepala adadzaza ndi mabenchi ogumulidwa ndi anthu akuthamanga. Wojambula mayi wa pa Chezi akuunjika tomato wake bwinobwino, anayi pansi mmodzi pamwamba, adali kuti? Kapena mnyamata wokankha njinga ya makala pachitunda cha ku Dowa boma?

Tsono pobwerera ndidapempha mkulu wa makoswe uja kuti ndimujambule pa foni. Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Achimwene, ndinu a khonsolo?"

Ndidalumbira kuti ayi. Adakonza kolala, n'kukweza timapaketi take m'mwamba, koma adati ndiyambe ndagula kamodzi.