Mlimi wa Fodya ndi Mantha Osintha Mbewu

Mantha osintha, omwe ndi nkhawa imene imagwira munthu akaganiza zosiya njira yozolowera ngakhale phindu lake likukayikitsa, amaonekera bwino mwa mlimi wa fodya wa bale ku Kasungu. Kuchokera mu 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodyayu, mabanja ambiri akula akudziwa kufesa nazale, kusoka masamba, kuwapachika m'chigafa ndi kudinda mabelo opita ku Chinkhoma, kotero kuti lusoli linasanduka ulemu wa pakhomo. Koma Malawi itavomereza mu 2023 pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta, nkhani ya mbewu zina siingazembedwenso.

Mantha a mlimiyu ali ndi maziko ndithu, pakuti soya ndi mtedza kawirikawiri amagulidwa ndi mavenda pa sikelo yopachika pamtengo, pamitengo yosinthasintha. Komabe amene walimba mtima n'kupatula ndime imodzi ya soya, n'kulowa kopaletivi yogulitsira pamodzi, amaphunzira kukambirana mtengo ndi ogula, ndiponso amadzionera yekha kuti mizu ya soya imasiya chonde chimene chimanga cha chaka chotsatira chimakondwa nacho.