Munthu Amene Anazolowera Mphepo

Aliyense amene anakwerapo bwato adziwa kuti mphepo ilibe cibale. Komabe kuli anthu amene amapikisana m'timabwato toyendera mphepoyo, munthu mmodzi ndi thanga limodzi, popanda nkhafi kapena injini.

Katswiri wa masewerawa anali Paul Elvstrøm wa ku Denmark. Iye anapata mendulo ya golide pa masewera a Olympics kanai motsatizana: mu 1948, 1952, 1956 ndi 1960.

Cinsinsi cake cinali m'miyendo ndi m'mimba. Mphepo ikakankha thanga, bwato limapendekeka. Tsono woyendetsa amakoletsa mapazi ku malamba a m'bwatomo ndi kutulutsa thupi kunja, msana uli pamwamba pa madzi, kuti bwato liwongoke. Ululu wake ngosasimbika. Elvstrøm anakhoma benchi ya malamba otere kunyumba kwake, namalendewerapo kufikira thupi litazolowera. M'nyengo yozizira koopsa, anzake atasunga mabwato, iye anali pamadzi.

Mu 1984, ali ndi zaka 56, anapikisananso pa Olympics, tsopano m'bwato la anthu awiri pamodzi ndi mwana wake wamkazi Trine, natsiriza pa nambala 4. Anamwalira mu 2016.