Malo a Boma Si Malo Opanda Mwini

Pa mawu onse omwe ndawasinkhasinkha chiyambireni maphunziro anga a ziyankhulo, palibe omwe amandisowetsa mtendere ngati mawu atatu awa: "N'za boma izi." Mawuwa timawamva munthu akathyola mpando m'kalasi kapena akasiya mpopi ukutaya madzi. Tikawaunika bwino, kamawu koti "za" kamaonetsa umwini, ndipo mwiniyo watchulidwa kale. Koma pakamwa pathu tanthauzo lake linatembenuka. Tikati chinthu n'cha boma timatanthauza kuti chilibe mwini, choncho aliyense achite nacho momwe wafunira. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti maganizo amenewa ndi oopsa kwambiri akalowa m'mutu mwa munthu yemwe wakwera njinga yamoto kapena galimoto yamphamvu n'kuchoka pamsewu kulowa m'nkhalango ya boma nthawi ya chilimwe. Mfundo yanga ndi imodzi: woyendetsa asachoke m'njira yomwe inaikidwa, chifukwa chitetezo chomwe wanyamula si cha mutu wake wokha ayi.

Ndiyambe ndi zomwe zinandichitikira ineyo. Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala, msuweni wanga yemwe amachita kabaza wa njinga yamoto ananditenga kuti tikapitidwe mphepo paphiri la Zomba. Titadutsa damu la Mulunguzi, phula linatha ndipo tinayamba kumwa fumbi. Titayenda pang'ono, iye anaona kuti msewu ukuzungulira kwambiri, basi anakhotetsa njinga n'kulowa m'maudzu kuti tidule mtunda. Ine ndinamugwira paphewa n'kumufunsa ngati zimenezi n'zololedwa. Iye anaseka. "Asuweni, sukulu yakupatsani mantha eti? N'za boma izi!" Tinadutsa m'udzu wofika m'chiuno, wouma gwa, mpaka tinafika pamalo pomwe chigwa chonse chimaonekera pansi. Anaimika njinga pomwepo, m'kati mwa udzu, ndipo tinayamba kujambulana zithunzi pafoni. Sipanapite nthawi, tinamva fungo. Potembenuka tinaona utsi ukutuluka kunsi kwa njinga. Udzu womwe unakodwa papaipi ya utsi unali utayaka, ndipo moto unali utayamba kale kunyambita tchire.

Tinakankhira njinga pambali n'kuyamba kupuntha motowo ndi nthambi. Madzi omwe tinali nawo anali a m'botolo limodzi lokha. Mwayi wathu unali woti mayi wina yemwe amatsika ndi mtolo wa nkhuni anatula mtolowo n'kutithandiza. Moto utazima, pamalo popserera panali ngati poyala mphasa zitatu. Mayi uja sanatilalatire. Anangotiyang'ana, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti, "Ana inu, mphepo ikanakhala yamphamvu, ine ndi mtolowu ndikanathawira kuti? Kumusiku kuli anzanga asanu, wina ali ndi mwana kumsana." Msuweni wanga, yemwe sasowa choyankha, anangoti kukamwa yasa. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti malo omwe timati alibe mwini anali ndi eni ake, ndipo mmodzi mwa iwo anali ataima patsogolo pathu.

Choopsa choyamba, tsono, ndi moto. Aliyense yemwe amakwera kabaza amadziwa ukali wa ekizozi, ndipo ambiri ali ndi chipsera pamwendo chochitira umboni. Ngati chitsulocho chimawotcha khungu pongochikhudza pang'ono, nanga udzu womwe wakhala miyezi isanu osaona mvula chingauleke bwanji? Kuyambira mu Seputembala mpaka mvula yoyamba, dzuwa limaswa mtengo, mphepo imawomba ndipo masamba a paini amaunjikana pansi ngati matiresi. Zonsezi zimangodikira kamoto kamodzi. Galimoto nayonso simapulumuka pamlanduwu, chifukwa paipi yake imadutsa kunsi, pomwe udzu umakodwa woyendetsa osaona. Kuwonjezera apo, injini yosasamalidwa imalavula timoto tothetheka limodzi ndi utsi. Akuluakulu anati moto umapita komwe kwatsala tchire. Sufunsa kuti anauyambitsa ndani, kapena ngati anachita dala. Amene anaonako mapiri akuyaka usiku m'chilimwe, kapena mitengo yopserera ya ku Chikangawa, nkhalango yobzalidwa ya mahekitala pafupifupi 53,000, akudziwa chomwe ndikunena.

Wina angaganize kuti ndikukulitsa nkhani. Tiyeni tione zomwe zinachitika kudziko lina komwe kuyenda m'tchire pa galimoto ndi masewera a anthu ambiri. Mu Julayi 2018, womwe ndi mwezi wotentha ku America, tayala la ngolo yokokedwa ndi galimoto linaphulika pafupi ndi mzinda wa Redding ku California. Chitsulo cha tayalalo chinakhula msewu n'kuthetheka moto. Moto umenewo, womwe unatchedwa Carr Fire, unatentha mahekitala oposa 90,000, unawononga nyumba zoposa 1,000 ndipo unapha anthu 8. Ngati zinatero ndi galimoto yomwe inali pamsewu, kuli bwanji yomwe yalowa m'udzu mwenimwenimo? Anthu a kumeneko anaona msanga kuti magalimoto a m'tchire akufunika malire. M'chaka cha 1972 Pulezidenti Richard Nixon analamula nthambi zosamalira malo a boma kuti zisankhe madera ndi njira zomwe magalimoto otere angayendemo, ndi zomwe sangayendemo. M'nkhalango za boma za dzikolo, njinga yamoto ya m'tchire imayenera kukhala ndi kasefa m'paipi ya utsi kotchinga timoto tija. Kasefako n'kakang'ono, koma kamaimira nzeru yaikulu: woyendetsa ali ndi udindo pa zomwe njinga yake ikusiya m'mbuyo.

Choopsa chachiwiri chimagwera anthu oyenda pansi. Tinjira ta m'nkhalango zathu sitinapangidwe ndi matayala koma ndi mapazi. M'menemo mumadutsa amayi osenza nkhuni, abambo okankha njinga zakapalasa zodzaza matabwa, anyamata ogulitsa mabulosi ndi mbatata, komanso ana. Munthu wosenza mtolo wautali sangatembenuze khosi msanga, ndipo sangalumphire pambali ngati gwape. Kanjira kakakhota kuseri kwa thanthwe, woyendetsa saona chomwe chili kutsogolo. M'chilimwe vutoli limakula chifukwa cha fumbi. Njinga ziwiri zikatsogozana, wam'mbuyo amayenda m'chimbuuzi, osaona dzenje kapena munthu. Pamsewu wa phula pali malamulo odziwika ndipo woyenda pansi amadziwa mbali yoti alambalale. M'kanjira ka m'tchire mulibe polambalala. N'chifukwa chake ndikunena kuti woyendetsa ndiye mlendo m'menemo. Mlendo waulemu amachepetsa liwiro, amaimba odi, ndipo akakumana ndi eni njira amaima n'kuwapatsa mpata.

Choopsa chachitatu sichioneka tsiku lomwelo. Tayala likadutsa pamalo otsetsereka limazula udzu ndi kukumba kangalande. Njinga ina ikaona mkukuluzi umenewo imatsata momwemo, ndipo pakutha pa chilimwe pamakhala njira yomwe palibe anaikonza. Mvula ikabwera, madzi amasankha ngalande ija, amaikumba, ndipo m'zaka zochepa pamakhala chigwembe. Dothi lomwe lakokolokalo silisowa kopita. Paphiri la Zomba limatsikira m'timitsinje tomwe timathira m'damu la Mulunguzi, lomwe madzi ake amamwedwa mumzinda wonse, kuphatikizapo ife ophunzira. Apa m'pomwe mawu oti "n'za boma" amaonekera uchitsiru wake. Boma silimwa madzi. Amamwa madzi ndi ine, inu ndi msuweni wanga. Ndipo tonse tikukumbukira zomwe tinaona mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy, pomwe matope ndi miyala zinatsika m'mapiri a m'chigawo cha kummwera n'kukwirira nyumba ndi anthu. Phiri si chinthu choseweretsa.

Nanga woyendetsa mwiniwakeyo? Iyenso ali pachiswe, mwinanso kuposa pamsewu, chifukwa akagwa m'tchire chipatala chili kutali ndipo foni imatha kusowa netiweki. Anyamata ambiri amavula chipewa chodzitetezera ponena kuti kukutentha ndipo kuno kulibe apolisi apamsewu. Koma mwala sudziwa kuti apolisi kulibe. Patapata ndi kabudula si zovala za ulendo wotere. Potsika phiri, wongodalira mabuleki amawatenthetsa mpaka amaleka kugwira. Wanzeru amatsika ndi giya yaing'ono kuti injini izimuthandiza. Njinga za matayala anayi zija, zomwe anthu ena amakonda kuseweretsa pamchenga ndi m'mapiri, zimaoneka ngati sizingagwe, chonsecho zimagubuduka msanga pamalo opendekeka n'kupsinja wokwerayo. Yopangidwira munthu mmodzi isanyamule awiri, ndipo mwana asapatsidwe ya akuluakulu. Kutentha nakonso kumafooketsa maganizo. Ulendo uyambike m'mawa, madzi akumwa akhale okwanira, mowa udikire kunyumba, ndipo wina wotsala adziwe komwe mwalowera ndi nthawi yomwe mubwerere. Poima, njinga iimikidwe padothi kapena pamwala, osati paudzu, ndipo zinyalala zomwe zakodwa kunsi zichotsedwe.

Ndikudziwa kuti alipo omwe sangagwirizane nane, ndipo mfundo zawo si zopanda pake. Ena anganene kuti moto wambiri wa m'tchire kuno kwathu umayambitsidwa ndi osaka mbewa, otentha makala ndi anthu okwiya omwe amayatsa dala, choncho ndikulimbana ndi kachirombo n'kusiya njovu. N'zoona kuti njinga si gwero lalikulu la moto. Koma kukhalapo kwa mbava zikuluzikulu sikuchititsa kuba nkhuku kukhala kololedwa. Komanso njinga zamoto zachuluka kwambiri m'zaka zapitazi, ndipo zikufika komwe kale kunkafika mapazi okha. Chizolowezi chimawongoleka chisanakhwime. Ena anganene kuti akabaza akusaka chakudya cha ana awo, ndipo alendo obwera ndi magalimoto amphamvu amasiya ndalama m'dera. Izinso n'zoona, ndipo n'chifukwa chake sindikupempha kuti njinga ndi magalimoto ziletsedwe m'nkhalango. Ndikupempha kuti ziziyenda m'njira zake. Mlendo amabwera kudzaona mathithi, mitengo ndi mbalame. Phiri likasanduka lupsa ndi zigwembe, mlendoyo sabweranso, ndipo woyamba kugona ndi njala ndi wakabaza yemweyo.

Anansi athu anadutsamo kale m'nkhaniyi. Dziko la South Africa linaletsa mu 2001 kuyendetsa magalimoto mwachisawawa pamchenga wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, ngakhale okonda kuwedza ambiri anadandaula. Ku Namibia, paki ya Dorob itakhazikitsidwa mu 2010, anapatula madera ochitira masewera a njinga ndi magalimoto kuti malo ena onse apume. Ife sitikusowa lamulo. Tili ndi lamulo la zankhalango la 1997, lomwe zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020, ndipo limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa. Chomwe chikufunika n'kulifikitsa kwa woyendetsa m'chiyankhulo chomwe amamva. Pano ife ophunzira ziyankhulo tili ndi gawo lathu. Chikwangwani cholembedwa m'Chingerezi chokha chimayankhula ndi mlendo n'kusiya mwini dera. Pazipata ndi pamphambano pakhale zikwangwani za mawu ochepa, omveka, m'ziyankhulo za anthu a deralo, zosonyeza njira ya magalimoto ndi njira ya oyenda pansi. M'miyezi yowuma kwambiri njira zina zitsekedwe ndithu. Magulu a akabaza, omwe amakumana kale m'masiteji mwawo, akambirane nkhaniyi, pakuti mnyamata amamvera msanga mnzake kusiyana ndi chikwangwani.

Pomaliza, ndibwerere ku mawu atatu aja. Sindikufuna kuti tiwataye, koma kuti tiwabwezere tanthauzo lake. Chinthu chikakhala cha boma, ndiye kuti n'cha mayi wa nkhuni uja, n'cha mwana yemwe anali kumsana, n'cha wodwala yemwe akumwera mankhwala madzi ochokera m'phiri, ndiponso n'cha ana omwe sanabadwe. Eni ake ndi ochuluka kwambiri moti palibe mmodzi angadzipatse ufulu wodula njira pomwe wafuna. Msuweni wanga akadali pakabaza, ndipo amakwerabe phiri lija akapeza kasitomala. Tsiku lina ndinamumva akukana kulowa m'udzu ngakhale wokwerayo anamulonjeza ndalama yowonjezera. Sanamulalikire zambiri. Anangoti, "Bwana, tiyende mumsewu momwemu, kumusiku kuli anthu." Ine ndikukhulupirira kuti woyendetsa aliyense atakumbukira mawu amenewa asanakhotetse chiwongolero, mapiri athu angadutse chilimwe ali amoyo, ndipo ifenso tingabwerere kunyumba amoyo.